Mamendulo a Kumanja

M'mawa wa tsiku la Anzac, lokumbukira asilikali, mayi Noeleen Pascoe ankapaka batala masikono oti anthu akadye ku holo akatha kuguba. Amuna awo a Clarrie, omwe chaka chonse anali pa kompyuta kufufuza achibale amene anamenya nkhondo, analowa m'khitchini atapendekeka ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe, mamendulo ali mbwee kumanja kwa jekete kuyambira paphewa mpaka pathumba.

"Mayo ine, Clarrie! Ndi sitiroko kodi?"

"Ndi mbiri ya banja," anatero a Clarrie, nkhope ili mwee. "Chaka chino nanenso ndiguba kumbuyo kwa mbendera pamodzi ndi mabanja a asilikali. Ndawalonjeza anzanga onse ku kalabu."

"Imani bwino."

"Ndaima bwino."

"Ndiye yapendekeka ndi nyumbayi?"

A Clarrie anayang'ana kudenga, n'kuyang'ananso pansi. "Ayi, nyumba ili bwinobwino."

"Tayendani mpaka pakhomopo ndione."

Ananyamuka molunjika pakhomo, ngwengwengwe, n'kukathera pa filiji.

"Mwaona! Mumsewu waukulu muja kumanja kuli bala yomwera mowa. Pa chipilala cha asilikali simukafikapo inu. Enawo asunthireni kumanzere."

"Kumanzere?" A Clarrie anagwira pamtima. "Noeleen! Kumanzere amavala mwini wake amene anapita kunkhondo. Wachibale amavala kumanja. Mukufuna anthu azinena kuti ndinamenya nawo nkhondo ya 1915?"

"Akaona nkhopeyo akhulupirira."

"Sangakhulupirire. Ndinabadwa 1948."

"Chabwino, ikani njerwa m'thumba lakumanzere."

A Clarrie anatembenukira kunja. "Yathunthu kapena yobenthuka?"

"Bwererani kuno, akulu inu! M'chiunomo adokotala aikamo chitsulo dzana lomweli, mukufuna muwonjezere njerwa? Tamverani. M'nyumba muno simutuluka mutapendekeka. Wina mwa mamendulowo atsale."

"Atsale ndani?"

Mayi Noeleen analoza ndi mpeni wa batala. "Uyu wa nyenyeziyu."

"Ameneyo ndi Perce. Anasiya mwendo ku France, ndiye ife timusiyenso m'kabati?"

"Nanga enawa?"

"Ndi a Wilf. Anavutika kunkhalango za New Guinea, anabwerako ndi malungo ndi chinkhwe."

Mpeni uja unaima m'malere. "Chinkhwe chotukwana chija? Chimene chinatukwana abusa pa ubatizo wanga? Mukunena Wilf Treloar?"

"Yemweyo."

"Amenewotu ndi ang'ono awo a bambo anga!"

"Inde."

"Nanga Perce?"

"Agogo anu."

"Awa?"

"Azakhali anu a Olive, anamwino aja."

"Apansiwa?"

"Bambo anu. Ndinawapeza m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati ya zovala."

Mayi Noeleen anaika mpeni pansi, n'kupukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono. Chaka chonse ankangoyankha kuti "eya, eya" amuna awo akamawerenga mayina kuchokera kuchipinda. Akanadziwa akanamvetsera.

"Clarrie. A kwanu a Pascoe ali pati pamenepa?"

A Clarrie anatsokomola. Mamendulo anati ngwe.

"Ndinafufuza, Noeleen. Agogo anga anapita kukalembetsa, anawabweza chifukwa cha mano."

"Basi?"

"Anakayesanso tawuni ina. Anawabweza."

"Chifukwa?"

"Mano omwewo. Anapita nawo."

"Nanga bambo anu?"

"Boma linawauza kuti atsale azikama ng'ombe. Asilikali ankafuna batala."

"Amalume anu a Reg? Aja ankatsimphina, amvekere ndinavulala nthawi ya nkhondo?"

"Sananame. Inali 1943. Anagwa padenga la shedi yometera nkhosa."

Mayi Noeleen anagwira tebulo, kuseka mpaka misozi. "Hede! Ndiye mutapeza kuti kwanu kulibe kanthu, munangodumpha mpanda n'kukakolola m'munda mwa a Treloar!"

"Munanena nokha pa ukwati wathu kuti zanu ndi zanga. Abusa anamva."

"Ndimanena ketulo ndi mabulangete!"

"Simunatchule."

"Agogo anga si ketulo, Clarrie!"

"Ayi ndithu. Anali kopolo wa asilikali."

"Tandiuzani, inu odziwa mwambo. Wachibale wovala kumanjayo ndi wotani?"

A Clarrie anatsinzina ngati mwana wa sukulu. "Mwana. Mdzukulu. Mkazi wamasiye."

"Mkamwini?"

A Clarrie anatsegula diso limodzi.

"Ndati mkamwini?"

"Ameneyo sindinamumvepo," anatero ndi mawu aang'ono. Kunama sanakudziwe chibadwire, ngakhale pamene kukanawathandiza.

"Bwerani kuno."

Mayi Noeleen anayamba kumasula mapini n'kumabaya kumanja kwa juzi yawo. Anachoka Perce, phewa la a Clarrie linakwerako. Anachoka Wilf, khosi linawongoka. Pochoka azakhali a Olive ndi bambo a mayi Noeleen, munthu uja anali chilili ngati mtengo wa magetsi, jekete lili mabowo okhaokha.

"Ha! Taonani a Treloar!" Mayi Noeleen anadziyang'ana pa galasi la uvuni, n'kugwedeza phewa kuti amve kulira kwake. "Bambo anga sanagubepo chimwalirire chifukwa ine ndimakhala m'holo ndi tiyi. Lero atuluka!"

"Masikonowa bwanji?"

"Adzipaka okha."

"Sangathe."

"Tengani chipewa changa, Clarrie!"

"Koma Noeleen, ndinalonjeza! Anzanga a Dougie ku kalabu andiseka mpaka Khirisimasi. Ndinawauza kuti ndibwera ndi banja lonse pachifuwa. Tandibwerekani mmodzi yekha. Wilf. Simunkamukonda Wilf."

"Mwambo wakana."

"Wakanadi," anavomera a Clarrie, mlomo uli pansi. "Ndiye ndikaima m'mbali mwa msewu ndi ana a sukulu, n'kumakupiza kambendera."

Kunja ng'oma ya gulu la malipenga inayamba kugunda kumunsi kwa msewu. Mayi Noeleen anaponya mwendo mwausilikali, kachiwiri, kachitatu, ndipo juzi inawakokera kumanja, phazi n'kuphonya. A Clarrie anawawakha pachigongono chakumanja asanagwere m'masikono.

"Eyaa! Gwirani pomwepo. Osasiya mpaka pa chipilala."

"Mpaka pa chipilala? Pakati pa msewu?"

"Pakatikati."

"Kumbuyo kwa mbendera?"

"Nanga n'kuti?"

"Ndiye kuti ndikuguba!" Maso a a Clarrie anawala, kenaka anachita tsinya. "Koma mwambo ukuti ndikuguba ngati ndani?"

Mayi Noeleen anawakokera pafupi, n'kukankha chitseko ndi phazi.

"Ngati mendulo, akulu inu. Kumanja n'kumene munthu amavala zimene sanazimenyere nkhondo."