Guluu wa M'chitini Chakunja

"Inu ndi amene mukutiphera ntchito ndi guluu wanu wamadzimadziyu!" Anatero kalipentala wina pasiteji ya basi, akuloza zigubu za mayi wophika guluu. Mayiyo anatembenuka, mtima utamuwira.

"Munamuyesapo, bambo?"

"Ndimuyeserenji? Ine ndimagula wakunja. Uyu apa!" Anatulutsa chitini chonyezimira m'thumba.

"Tatsegulani tinunkhize. Eya! Mwalimva fungo la mandimulo? Ndimathiramo makoko ake ndine. Wasitolo amene amakugulitsaniyo amadzatenga guluuyu kwathu n'kukatsanulira m'zitini zakezo, ati dzina langa silingakoke anthu."

"Aa, mayi, bodza limenelo!"

"Mipando yanu inayamba yamatukapo?"

"Olo umodzi. Mwendo umachita kuthyoka, pomatapo pali chigwirire."

"Ndi ntchito ya manja awa, onani mmene anapsera ndi nthunzi. Mwezi wamawa wasitoloyo ndikumusiya, ndizigulitsa ndekha, dzina langa lili pachigubu. Akalipentala mukandikana, ndatseka."

"Komatu mayi, anthu anazolowera..."

"Za anthu zisiyeni, ndikufunsa inuyo. Musayang'ane kumsewu, basi sinafike. Mudzabwera kudzagula kwa ine kapena ayi? Yankhani!"