Mawu a padenga la a Chikepe

Malemu, amene mzinda wonse unkangowatchula kuti a Chikepe, anabadwa pa 9 Okutobala 1951, achitatu m'banja la ana asanu. Pamene ankayamba sukulu mu 1958, nsanja ya pakati pa mzinda wathu inali ikumangidwa, ndipo bambo awo anali m'gulu la okanda simenti. Malemu ankakonda kunena kuti iwo ndi nsanjayo anakulira limodzi, kungoti mnzawoyo anawapitirira msinkhu.

Poyamba nsanjayi inali ya wotchi ndi alonda oyang'anira ngozi za moto. Mu 1974 anaikamo chikepe n'kuitsegulira alendo, ndipo malemu, atalekezera sukulu kusekondale, analembedwa ntchito yoyendetsa chikepecho. Anakweza ana asukulu, akwati atsopano, alendo akunja ndi makamera awo, ngakhalenso okalamba oyendera ndodo. Akafika pamwamba ankawalozera msika, njanji ndi mtsinje, kenako n'kuwaimika pa makina oonera patali kuti aone denga lina lake chakumadzulo.

Mu 1977 anamanga banja ndi mayi athu akhala apawa. Pepani mayi, lero tiulula. Mayiwa amaopa pamwamba, moti kukwera pampando kuti asinthe babu ndi nkhondo. Malemu anawanyengerera chaka ndi chaka kuti akakwere nsanja, koma mayi ankayankha kuti Mulungu akanafuna kuti aziona madenga a eni ake, akanawapatsa mapiko.

Kuyambira 1978, mvula ikayandikira, malemu ankakwera padenga la nyumba yawo ndi chitini cha penti, ati kuteteza malata ku dzimbiri. Mayi ankangolalatira malaya othimbirira. Ana ankadziwa chimene chinali padengapo, ife alamu tinkadziwa, alendo osawerengeka anachiona, koma malemu anatilumbiritsa tonse kuti titseke pakamwa. Nkhawa yawo inali imodzi basi: kuti adzatsikira kulichete mayi asanakwere n'kudzionera okha.

Anapuma pantchito mu 2011, koma Loweruka lililonse ankapitabe kukafotokozera alendo mbiri ya nsanjayo.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala impso, ndipo mu Epulo anagonekedwa m'chipatala. Madokotala atatiuza kuti palibenso chochita, malemu anapempha chinthu chimodzi chokha. Pa 3 Meyi mayi analowa m'chikepe ali chitsinzinire, atakanirira mkono wa mwana wawo wamkazi, zipsera za zikhadabo zilipo mpaka lero. Pamwamba anaika diso pa makina aja. Kuseri kwa denga la nyumba yawo, mbali yosaoneka ukaima pabwalo, kunali zilembo zikuluzikulu zoyera: MWALIMBA MTIMA, MKAZI WANGA. Mayi analira, ndipo anakana kutsika msanga.

Atabwerera kuchipatala sanathokoze ayi. Anawakalipira malemu kuti ndi munthu wopanda manyazi, wouza mzinda wonse nkhani za m'nyumba, komanso kuti pentiyo yafwifwa. Malemu anaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona chachitika. Tsiku limenelo tinawaona mtima uli m'malo. Anatisiya mwakachetechete pa 5 Meyi.

Malemu asiya mayi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mchemwali wawo mmodzi. A banja akuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, anansi amene mwagona nafe pano, ndiponso antchito anzawo amene anayendetsa chikepe pang'onopang'ono tsiku lija.

Dzulo mayi anatuma mwana wawo wamwamuna padenga ndi penti. Amene mudzakwere nsanja, mudzayang'ane chakumadzulo. Pansi pa mawu a malemu pali ena atsopano: NANUNSO, BAMBO.

A Chikepe, mwakwera ulendo wosatsikanso. Usani mumtendere.