Kaseti Imene Inabweza a Sailesi Kwawo

Kale, mafoni anuwa asanabwere, pamene Mmalawi ku Joni kuno anali wa mumgodi kapena wa m'khitchini, nkhani za Nyumba ya Malamulo ya kwathu sitinkazikamba chonchi, pakhonde la holo ya tchalitchi muno mu Berea, masanasana aliyense akumva. Iwe Madalitso, ndakumva bwino, wati aphungu ndi aphokoso chabe, Nyumbayo angoitseka azisungiramo chimanga. Sindikukutsutsa zonse ayi, ena mwa iwo ngakhale ine sindingawasungitse nkhuku yanga, koma tsitsa kaye foniyo ndikuuze za mnzanga a Sailesi, ndipo ukamva uweruze wekha.

A Sailesi anali a ku Ntcheu, ine wa ku Dedza, ndipo tinadziwana ku komboni ya mgodi, iwo akugona bedi lapamwamba ine lapansi. Masiku amenewo chipani kwathu chinali chimodzi, ndipo Lamulungu tikasaka wailesi ya kwathu, mawu akubwera ndi kuthawa, wolengeza ankati aphungu onse avomereza, aphungu onse athokoza. Tsiku lina a Sailesi, akusoka ovolosi yawo, anangoti, "Koma abale, anthu onsewo kuvomera kamodzin'kamodzi? Ngakhale ng'ombe za khola limodzi sizilira pamodzi." Palibe anaseka. Ana inu simunamvepo bata la mtundu umenewo, moti wina anadzuka kukatunga madzi pomwe ndowa inali yodzaza.

Mawuwo anafika kumudzi mwini wake asanafike. Mnzathu wina atabwera kuchokera kutchuthi anawanong'oneza kuti kwawo kwafika anthu a majekete, akazitape a boma, akufunsa kuti Sailesi abwera liti, ndipo kontalakiti itatha a Sailesi sanakwere ndege, anazemba n'kusanduka mtchona. Kumudzi anasiya mkazi ndi mwana wamkazi, Esinati, akungoyamba kukwawa. Mkaziyo anadikira mpaka anatopa n'kukwatiwa kwina, ndipo ife sitimuimba mlandu, koma za mwanayo zinkawadya a Sailesi tsiku ndi tsiku, mwakuti akaona kamtsikana kovala yunifolomu pamsewu ankasiya cholankhula.

Zaka zinapita, migodi inatilavula, ndipo tinapezeka tonse ku Jeppestown tikuwotcherera mageti m'kashedi ka malata. Kenako tinamva kuti kwathu zasintha, zipani zachuluka. Inu lero mumangodina foni n'kuona nkhope ya amayi anu ku Balaka, koma ife tinkatumizirana makaseti: achibale amalankhula m'wailesi ya kaseti, n'kupatsira dalaivala wa lole, ndipo Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tinkasonkhana m'shedimo kumvera. Pa kaseti ina panamveka mawu a mtsikana, akuti, "Bambo, ndine Esinati. Nkhope yanu sindiidziwa, koma ndikukwatiwa tikatha kukolola, ndipo ndikufuna mudzakhalepo." A Sailesi analira ngati mwana, koma tikati pitani, iwo ankapukusa mutu. "Linda madzi apite ndipo uziti ndadala," anatero. "Zasintha pakamwa chabe. Anthu a majekete aja sanafe."

Tsono dalaivala uja, poona kuti mbali ina ya kasetiyo yatsala yopanda kanthu, anajambulapo zokambirana za aphungu kuchokera pa wailesi, kuti ife matchona timveko. Titatembenuza, tinayang'anana. Phokoso lokhalokha, ena akuwowoza, ena akumenya matebulo, Sipikala akuwaletsa koma osamveka, ndipo pakati pa zonsezo panali phungu wina wa mawu osasa, akuuza nduna pamaso kuti zimene yanena si zoona. Chingerezi chathu chinali cha mumgodi, tinkangotolako apa ndi apo, koma kukana kumamveka m'chilankhulo chilichonse. Dzina lake silinamveke, ndiye tinangomutcha a Chimfine.

"Ameneyo wapita," anatero a Sailesi. "Sabata ino saitha ali pakhomo pake."

"Nanga akaitha?" ndinawafunsa.

Iwo anati, "Ndidzamve mawu akewo pa kaseti ina. Akakhala kuti alipo, ndikwera basi."

Mukuona, ana inu, ulendo wa munthu unamangidwa pakhosi pa phungu amene sankamudziwa n'komwe. Tinamuchonderera dalaivala kuti akajambulenso, koma ulendo wotsatira anabwera ndi nyimbo za kwaya zokha, akuti aphungu ali patchuthi. Apo n'kuti kwathu chimanga chikuuma m'munda, ndipo a Sailesi anayamba kuwonda, ntchito ikuwapulumuka m'manja, mpaka geti lina analiwotcherera chadodolido. Ine ndinkawaseka kuti achimwene, mwayamba kupempherera wandale, koma mumtima nanenso ndinkamupempherera.

Pamapeto pake kaseti inabwera. Tinaiika, anthu tadzaza shedi, ndipo analankhula uyu, analankhula uyo, mawu osalala okhaokha, a Chimfine osamveka. Tepi ikuyandikira kumapeto, a Sailesi anadzuka, anatola chigoba chawo chowotcherera ngakhale linali Lamulungu, n'kunena motsitsa kuti, "Ndinakuuzani." Asanafike pakhomo, mawu osasa aja anatulukira, okwiya kuposa poyamba, akulimbana ndi nduna yomwe ija. Tinadumpha tonse, madala aimvi, tikuvina pakati pa zitsulo, mpaka makaniko wa Chizulu woyandikana nafe anasuzumira n'kufunsa, "Yini manje, madala, yawina timu iti?" Ndinamuyankha chifuwa chili patsogolo kuti kwathu munthu watsutsa nduna ndipo wagona m'nyumba mwake. Kunena zoona, chibwerereni ku Joni sindinanyadirepo dziko langa ngati tsiku limenelo.

A Sailesi sanavine nawo. Anangokhala pansi pa chitini cha penti, chigoba chili m'manja, n'kundifunsa ngati suti yanga ya kutchalitchi ingawakwane. Inawakulira m'mapewa, koma anapita nayo, ndipo anafika ukwati usanachitike. Lole itabweranso inatibweretsera mawu awo, kumbuyo kukumveka nthungululu, akuti, "Ndafika. Palibe wandifunsa kanthu, kupatula Esinati, amene akufuna kudziwa chifukwa chake ndakalamba chonchi." Sanabwererenso kuno, ndipo suti yanga nayonso inatchona ku Ntcheu. Anakhala ndi moyo mpaka kunyamula zidzukulu, ndipo anagona m'manda a kwawo.

Tsono Madalitso, ndi nonsenu, aphungu anuwo adzudzuleni, ndipo akagona m'Nyumbamo kapena akaiwala mijigo imene analonjeza, lembani pa mafoni anuwo mayina anu ali poyera, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ufulu umenewo a Sailesi anaulipira ndi ubwana wonse wa mwana wawo. Koma zoti aitseke Nyumbayo musazinene ine ndili pafupi. Phokoso limene likukunyansanilo ndi limene linafikitsa mnzanga pa ukwati wa mwana wake. Tsiku limene mudzatsegule foni n'kumva aphungu onse akuvomereza, onse akuthokoza, popanda ngakhale mmodzi wa mawu osasa, pamenepo ndiye mudzade nkhawa, ndipo mudzayambe kuyang'ana amene wadzuka kukatunga madzi ndowa ili yodzaza.