Tsiku Limene Tinaponda Masamba a Maliro ku Chiosya

Abale anga mwa Ambuye, ndi nonse amene mumatsata gulu lathu, mtendere ukhale nanu. Ambiri mumandifunsa kumene tinaitenga nyimbo yatitchukitsayi, imene mukuimva m'maminibasi ndi m'malole a pa boda. Funsoli ndakhala ndikulizemba. Lero ndinene basi. Nyimboyo inabadwa tsiku limene tinatsala pang'ono kuphedwa ndi khamu la anthu.

Tinalipo atatu: ine wa gitala, Dalitso wa ng'oma, ndi Tiyamike woimba. Timaimba roko, gitala yolira mokalipa, ndipo nthawi imeneyo anthu a pa boma ankati ndi phokoso chabe. Loweruka lina m'mawa tinabwereka pikiapu kuti tikaimbe pa ukwati wa mnzathu ku Chiosya. Tonse tinavala zakuda monga mwa chizolowezi chathu. Dalitso ndiye ankayendetsa, wailesi ili m'mwamba.

Titalowa msewu wafumbi tinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa. Ine ndinakulira kwa Mavwere, ndikudziwa kuti pali masamba otere pali maliro: wa njinga amatsika, wa galimoto amayenda pang'onopang'ono, wailesi amazimitsa. Ndinawaona ndi maso angawa, koma tauni inali italowa m'mutu, sindinamuchenjeze Dalitso. Tinawaponda ndi liwiro, fumbi n'kukwirira amayi amene anakhala m'mbali mwa msewu.

Sitinapite patali. Adzukulu ochokera kokumba manda anatitsekera njira, makasu ali m'manja. Poyamba mlandu unali wa mwano wokha, ndipo tinayamba kupepesa. Kenako wina anavundukula lona kumbuyo. Anaona mawaya ofiira, batire, ndi kabokosi kachitsulo kamene ndimaponda kuti gitala ikalipe. Masiku amenewo m'midzi munali mphekesera za anamapopa, anthu opopa anzawo magazi. Munthuyo anatiyang'ana zovala, nanena motsitsa mawu kuti, "Awa ndi anamapopa."

Abale, sindinaonepo mawu akuyenda mofulumira chonchija. Anthu anatuluka m'makomo onse. Mwala unaswa galasi, Dalitso anamukokera pansi malaya atang'ambika, Tiyamike anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Ndinayesa kunena kuti ndife oimba koma ndinalephera. Nditamva wina akufunsa kuti petulo ali ndi ndani, ndinadzikodzera. Sindibisa. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, wopalamula ndine, koma amayi anga asadzandizindikire ndi mano okha.

Apo ndi pamene bambo wina wokalamba anatulukira kuchokera kusiwa, maso ali psuu. Anthu anawapatsa njira chifukwa malemuyo anali mwana wawo wamkazi. Mumtima ndinati tatha, wofedwa sangatimvere chisoni. Iwo sanatiyang'ane n'komwe. Anatola kabokosi kaja, nakatembenuza kawiri, n'kundifunsa, "Mwana wanga, gitala yake ili kuti?"

Ndinaitulutsa n'kulumikiza mawaya, koma ndinaphonya kabowo katatu. Bambo aja anakhala kumbuyo kwa pikiapu, naponda kabokosiko ndi phazi long'aluka. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ali mnyamata anagwirako ntchito ku migodi ya ku Zambia, ndipo kumeneko ankaimba gitala yotereyi. Zala zawo zinali zitauma ndi khasu ndi fodya, koma anakhudza nsambo pang'onopang'ono, kanyimbo kakafupi, n'kumakabwereza. Gitala inalira ngati munthu. Amayi kusiwa anayambanso kulira.

Atamaliza anauza anthuwo kuti, "Awa ndi oimba. Ndi opusa, koma ndi oimba. Mwana wanga sindimuika tsiku limodzi ndi ana a eni." Makasu anatsika limodzilimodzi. Kwa ife anangoti tisachoke mpaka maliro aikidwe. Ukwati tinauphonya. Tinapita nawo kumanda, ndipo ine ndinakwirira nawo dothi.

Kwa masabata angapo sindinakhudze gitala. Ndikamva phokoso la anthu pamsika ndinkayang'ana kothawira. Koma kanyimbo kaja sikanachoke m'mutu, ndipo Tiyamike anakaikira mawu kuchokera m'pemphero limene iyenso anapemphera pamsewu paja. Tisanajambule tinabwerera ku Chiosya ndi shuga ndi sopo, kukapepesa bwinobwino ndi kupempha chilolezo. Bambo aja anati kanyimboko titenge, sakufuna kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatumiza mpulumutsi wathu kuchokera m'nyumba imene tinaichitira mwano. Iwe amene wazingwa lero, ngakhale vutolo unaliputa wekha, usasiye kupemphera. Ine ndinalibe choti ndiloze kuti ndine wosalakwa, komabe ndili moyo.

Potsanzikana ndi bambo aja ndinawafunsa kumene anakaphunzira kanyimboko. Anati anakapeka okha. Gitala anagulitsa kalekale, choncho ankangokang'ung'udza ndi pakamwa pogoneka mwana wawo ali khanda. Mukamavina nyimbo yathuyo muzidziwa zimenezi: ndi yogonekera mwana amene tinamuika tsiku lija.