Foni ya a Singano Ikuitanabe Anthu

Tcherani khutu omvera, zilengezo za masana ano si zomvera uku mukucheza.

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu, aja mumawatchula kuti a Singano, akudziwitsa abale, abwenzi ndi makasitomala kuti foni yawo ili m'manja mwa achifwamba. Lolemba akulankhula pawindo la minibasi, wina anaigwira, iwo n'kukakamira, mnzake n'kuwatema ndi chikwanje. Zala ziwiri zapita. Foniyo inalibe loko, ati nambala yachinsinsi inkawatopetsa. Ndiye mukalandira uthenga wochokera panambala yawo, musayankhe ndipo musapite kulikonse. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo, amene akuwadwazika kuchipatala.

Mayi awo a Singano akufunafuna mwana wawo wotsiriza, makaniko wa pagalaja ya kuseri kwa msika, wodziwika kuti Sipanala. Ndi wamtali, wa mpata kumano, anavala ovolosi yabuluu. Lolemba lomwelo, za mkulu wake asanazimve, foni yake inalira ali kunsi kwa galimoto. Anawerenga mokweza uthenga wochokera panambala ya a Singano: "Mng'ono wanga, andivulaza. Ndili kunyumba yosatha kumanga ija, bwera ndi njinga yamoto, amayi usawauze." Anzake anati, "Tayamba waimba kaye, aise, umve mawu awo." Iye anati, "Akulu anga akukha magazi, ine ndizicheza pafoni?" Analiza njinga, manja ali bii ndi oyilo, mpaka lero sanabwere. Chilengezochi chachokera kwa mayi ake ndi alongo ake.

Wapampando wa amakaniko akuitana onse a ntchito ya zitsulo kuti akumane pagalaja mawa m'mawa. Akuti aliyense abwere ndi chitsulo chimene dzanja lake linachizolowera, ndipo wogulitsa mafoni akale aliyense akonzeke kuyankha mafunso. Ine ndawerenga monga mwalembera, koma mtima wanga wakana. Mukaphwanya mutu wa wosalakwa, abale anga, apolisi alipo. Chilengezochi chachokera kwa wapampandoyo.

Ichi changofika kumene, ndipo chandiwawa. Banja la a Singano likudziwitsa azakhali, alamu, asuweni ndi onse akuchikazi kuti Sipanala watisiya. Amupeza m'nyumba yosatha ija, manja atamangidwa ndi waya, mutu ataswedwa ndi njerwa, njinga palibe. Maliro ali kunyumba kwa mayi ake, kuika ndi Lachinayi.

Banja likupempha kuti za malirowa muzimve pawailesi pano kapena pakamwa pa munthu amene nkhope yake mukuidziwa, chifukwa foni ija sinaleke kuitana anthu. M'mawa uno mayi a malemu nawonso alandira uthenga wakuti: "Amayi, mng'ono wanga ndamupeza, ali moyo. Bwerani nokha." Abale anawagwira ali kale pamsewu, opanda nsapato.

Chilengezochi chachokera kwa amalume a malemu.