Mbatatesi zitatu zimene ndinalanda pa msika wa Tsangano

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse, a kuno ku Tsangano ndi inu mwachokera mbali ya Macanga. Ine ndine bambo a Rozina, wogulitsa mbatatesi uja. Umboni uwu ndaukhalira zaka zambiri chifukwa ndi wochititsa manyazi. Nthawi ya nkhondo malonda anga anatsala pang'ono kufa, ana anga asanu n'kutsala opanda chakudya, ndipo amene anachititsa zimenezo si amfuti ayi, ndine ndemwe.

Masiku amenewo ng'ombe sizinali zosunga. Amfuti akalowa m'mudzi ankayambira kukhola. Mwa ng'ombe zimene bambo anga anandisiyira zinatsala ziwiri zokha, ndiye ndinati ndisadikire kuti nazonso zipite. Ndinakasinthanitsa ndi mbatatesi kwa alimi a ku Ntengo-Wambalame, matumba odzaza chisakasa changa cha pamsika. Maganizo anga anali oti ndigulitse msanga, ndigule chimanga choti ana afike nacho pa masika, pakuti chaka chimenecho sitinalime bwino, tinkangokhalira kuthawa. Mbatatesi imeneyo ndiyo inali nkhokwe yathu yonse.

Ndinali ndi antchito atatu. Awiri anali amuna onyamula matumba, wachitatu anali aNambewe, mayi wamkulu kuposa ine, amene anathawa nkhondo ku Chidzolomondo n'kufika kuno ndi nsalu ya m'thupi yokha. Mayiwa ndiwo ankaika milu ndi kugulitsa. Ankanditchula kuti apatarawo, kutanthauza abwana, ndipo ine dzinalo linkandikoma zedi. Ndinali munthu wa mtima wapachala. Ndinkatuma ntchito zitatu nthawi imodzi, kenako n'kukalipa kuti palibe yatha. Za kudya kwa antchito sindinkaziganizira, ndinkati adzadya kwawo dzuwa likalowa.

Mukudziwa nonse kuti kuno munthu akagula mulu, wogulitsa amaponyapo basela. Kaya imodzi, kaya ziwiri, ndi m'mene timanenera kuti mubwerenso. Ine ndinaletsa. Ndinkati nkhondo ino si ya basela.

Tsiku lina la msika kunabwera mtsikana wobereka khanda kumbuyo, mapazi ali ong'aluka ndi ulendo. Anagula kamulu kakang'ono kwambiri. ANambewe anamuyang'ana, n'kumuponyera mbatatesi zitatu pansalu. Ine ndinaona. Abale, ndinathamanga ngati nyumba ikupsa! Ndinamasula nsalu ya mwana wa eni ake pamaso pa msika wonse, n'kuchotsamo zitatu zija. Kenako ndinatembenukira kwa aNambewe.

"Iwe, mbatatesiyi anakulimira ndi mwamuna wako kodi? Choka pano!"

Ndinati iwe kwa munthu woyenera kukhala chemwali wanga wamkulu. Anthu onse pamsika anatembenukira kwa ife. Mtsikana uja anamanga nsalu yake n'kumapita, aNambewe nawo anapukuta manja n'kunyamuka.

M'mawa mwake amuna awiri aja sanabwere. Ogula anayamba kundilambalala, ena n'kumalozerana ndi milomo kuti ndi uyo wolanda basela. Ine ndinadzilimbitsa mtima kuti zilibe kanthu, kolona ikubwera, magalimoto operekezedwa ndi asilikali aja, amalonda a ku Tete adzatenga matumba onse tsiku limodzi. Kolona sinabwere, msewu unatsekeka. Mvula inayamba, chisakasa chikudontha, ndipo pasanathe milungu iwiri fungo linayamba kutuluka m'matumba apansi. Mbatatesi ikayamba kuwola sidikira munthu. Ndinkatsegula thumba ili, n'kulisiya, kukoka lina, kuthamangira wogula amene sanaime n'komwe. Dzuwa linkalowa ndisanamalize chilichonse.

Kunyumba ufa unatha. Mayi a Rozina ankasenda zowolazo, kudula mbali yabwino n'kuwiritsira ana. Sanandinenepo mawu oipa, koma nkhani ya kumsika anali ataimva, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandipweteka kuposa kutukwana. Kutchalitchi ndinali woyambitsa nyimbo, koma Lamulungu limenelo ndinakhala kumbuyo, mutu uli pansi. Ndinasowa mtengo wogwira.

Ndiulule bwinobwino, masiku onsewo ndinkapemphera, koma pemphero langa linali la kolona basi. Tsiku limene kamwana kathu kotsiriza kanasanza zowola zija, ndinapita kuchisakasa, n'kugwada pamatope pakati pa fungolo. Ndinati, Ambuye, ndinalanda chakudya m'nsalu ya mayi woyamwitsa, ndinanyoza wantchito wanga pagulu, ine ndiye woyenera njalayi, koma anawa sanalakwe. Ndinalira ngati mwana, bambo wandevu.

M'mawa mwake nditafika pamsika ndinapeza aNambewe atakhala pakhomo pa chisakasa, mpeni uli m'manja, amuna awiri aja ataima pambali pawo. Ndinaima pamaso pawo. ANambewe sanadikire moni.

"Bambo a Rozina, lero sitigulitsa. Khuthulani matumba onse."

Sananditchulenso apatarawo, ndipo ine ndinamvera. Anatiuza kuti ntchito ndi imodzi yokha, kusankha, ndipo wina asagwire china mpaka ithe. Zowola tinakataya kutali. Zophuka maso tinaziika pazokha kuti tigulitse ngati mbewu kwa alimi a m'madimba. Zovulala anati zipite tsiku lomwelo kwa amayi ophika zakudya m'mbali mwa msewu, pamtengo wotsika. Zabwino tinaziyanika pansi pa denga losadontha. Dzuwa lili pamutu anaimitsa ntchito, n'kuwiritsa mbatatesi mumphika kuti tonse tidye. Anati munthu wanjala amanyamula thumba ndi mkwiyo. Madzulo wantchito aliyense anatenga ndowa yake kupita nayo kwawo, ndipo m'mawa onse anandipeza ine ndisanatsegule. Pepani, ndalakwitsa, ine ndiye ndinawapeza iwo.

Chinatsala chinthu chimodzi, ndipo ndicho chinandivuta kuposa zonse. ANambewe anati milu aika iwo, koma basela ndiziponya ndekha, ndi dzanja lomwe lija, anthu aone. Ndinaima kutsogolo. Wogula woyamba ndinamuponyera ziwiri. Amayi ogulitsa nyemba pafupi nafe anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Eee, apatarawo, dzanja lawongoka liti? Mwalisambitsa ndi mankhwala anji?"

Ndinapitiriza kuponya basela. Tsiku limenelo ndinapepesa kwa aNambewe mokweza, pamalo pomwe ndinawanyozera. Anthu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, poyamba kudzangoonerera wolanda basela akupatsa, kenako kudzagula. Zambiri zinali zitatayika kale, koma zotsalazo zinatha zonse, ndipo chimanga chimene ndinagula chinatifikitsa pa mondokwa. Ana anga onse asanu ali moyo lero, Rozina ndi uyo wakhala apoyo ndi zidzukulu zanga.

Titagulitsa thumba lomaliza ndinawafunsa aNambewe chimene anabwerera kwa munthu ngati ine. Anapitiriza kusesa, osandiyang'ana.

"Sindinabwerere inu. Ndinakumana ndi mayi a Rozina kuchitsime, ndinaona tsitsi la kamwana kanu kaja litayamba kufiira. Anga awiri anayamba chomwecho. Ndinawaika m'manda ndekha m'njira yochokera ku Chidzolomondo, bambo awo atagwa kale."

Zaka ziwiri anandigwirira ntchito mayi ameneyo, ndipo sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi ngati anali ndi ana.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosayenera, natumiza chipulumutso kudzera mwa yemwe ndinamuthamangitsa. Inu amene malonda akukuvutani, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera, koma popempherapo muzinena zoona. Ngati muli ndi wantchito, mawa musanamutume kanthu, mukhale naye pansi mumufunse za kwawo.