Yankho Limaperekedwa Kamodzi

Telala wa pakona uja anali ndi zomusautsa ziwiri: nthenda ya nkhawa imene inkamubweza kushopu kakhumi konse kukaona ngati wazimitsadi simbi, ndi mphunzitsi wina wa kampata m'mano amene iye anamusokera deresi yobiriwira n'kubisa kalata yomufunsira m'kathumba ka mkati. Masana amenewo anakhala pa benchi tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi shopu yake yokhoma, pambali pake pali mlamu wake woyimbira mpira, wezulo ali m'khosi, yemwe ndiye anakapereka deresiyo m'mawa.

"Alamu, aphunzitsi aja ati chiyani?"

Mlamu anayang'ana wotchi. "Kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri."

"Sindikufunsa nthawi ine. Kalata ija aipeza?"

"Ndakuuzani kale."

"Liti?"

"Mukukhoma chitseko muja. Ndayankhula momveka bwino, mpaka wosoka nsapato uja anacheuka."

"Aa! Nthawi imeneyo ine ndimamvetsera loko, ndimve ngati walira kuti khetche!"

"Ndiye mwamva loko." Mlamu anatulutsa pepala m'thumba la malaya n'kulisalaza pabondo. "Adokotala anu analemba ndi dzanja lawo. Simbi kuzimitsa kamodzi. Chitseko kukhoma kamodzi. Kukhala mphindi makumi atatu osabwerera, mantha akwere mpaka atope okha. Ndiye apa adula mzere kunsi: akafunsa, ayankhidwe kamodzi. Akabwereza funso, si iyeyo, ndi nthenda ikupempha chakudya. Musaidyetse."

"Amanena za simbi amenewo!"

"Sanalembe kuti kupatula za chikondi."

"Alamu, inu ndi munthu kapena chikwangwani?"

"Limenelo ndi funso latsopano, ndiyankha. Munthu."

Telala anagwira m'mutu. Ndiye anakumbukira kuti njira yakumunda si imodzi, anasendera pafupi n'kufewetsa mawu.

"Chabwino. Funso latsopano. Nkhope yawo inali bwanji?"

"Maso awiri, mphuno pakati."

"Anamwetulira?"

"Mano ndinawaona."

"Eya! Ndiye kuti asangalala!"

"Anali ataluma cholembera. Amachonga makope a ana."

"Koma inu! Nanga m'kathumba muja anapisamo dzanja?"

"Anapisa."

"Kenako?"

"Kenako anatulutsa."

"Dzanja kapena kalata?"

"Mukubwereza funso loyamba lija, mwangoliveka malaya ena. Ndazolowera ine. Anyamata a mpira amachita zomwezo, amagwa okha n'kumalira ngati awatchola mwendo."

"Ndikusokerani kabudula watsopano woyimbira mpira. Wakuda, wa matumba atatu. Uyu mumavalayu wang'ambika kumbuyo, anthu amaseka inu mukuganiza kuti akuchemerera."

Mlamu anagwira kumbuyo kwake mwachangu, kenako anawongola khosi. "Kunyengerera woyimbira ndi khadi yofiira. Mantha ali pa nambala yanji? Pepala likuti ndizifunsa, kuyambira ziro mpaka teni."

"Eyiti."

"A simbi kapena a aphunzitsi?"

"Lembani onse!"

"Mzere ndi umodzi."

Mphepo inaomba kuchokera kumsika, ndipo telala anatukula mphuno. Utsi. Unali wochepa, koma unali utsi. M'mutu mwake moto unayamba pompo: simbi yagona chafufumimba pa thebulo, nsalu ikupsa, lawi lakwera pa deresi yaukwati ya mwana wa eni ake imene inapachikidwa pakhoma. Miyendo inayamba kudzikonzekera yokha, ngati mbuzi yoona chipata chotsegula.

"Alamu, mukumva fungo?"

"Ndikumva."

"Ndi kwathu?"

"Mwina ndi kwanu, mwina ndi zinyalala za kumsika. Adokotala anati ndiziyankha choncho."

"Ndingosuzumira pawindo. Sindikhudza loko. Diso limodzi lokha."

"Diso limodzi limapita ndi miyendo iwiri."

Telala anakhalabe pa benchi. Mwezi wapitawo mphunzitsiyo anamudikira pansi pa mtengo pafupi ndi sukulu kwa ola lathunthu, iye ali kalikiliki kubwerera kushopu kasanu ndi kanayi. Atafika anapeza mthunzi wokha. Chifukwa chake sanamuuze, ankachita manyazi. M'mawa mwake ndi pamene anakagogoda kwa adokotala a za maganizo, ndipo zonsezi anazilemba m'kalata muja, mzere uliwonse, osabisa kanthu. Anapuma mozama, kamodzi, kawiri. Utsi unali pomwepo, koma moto wa m'mutu uja unayamba kuchepa pang'ono.

"Sikisi," anatero yekha.

"Sindinafunse, koma ndilemba."

Pamenepo ndi pamene chinthu chobiriwira chinakhota pakona. Telala akanaizindikira deresi imeneyo ngakhale pakati pa anthu chikwi, poti mpendero wake anausoka ndi manja, makina atawasiya dala.

"Alamu! Avala! Aivala!"

"Deresi ntchito yake ndi imeneyo."

Mphunzitsi anaima pakhomo la shopu, anakonza tsitsi, n'kugogoda. Telala anadzuka ngati wakhalira singano, koma mlamu anamugwira lamba kumbuyo.

"Kuti?"

"Mukuona nokha!"

"Ndikuona munthu akupita kuchitseko chimene wakhoma. Kwatsala mphindi zinayi."

"Sindikupita kuchitseko, ndikupita kwa munthu!"

"Munthuyo waima pachitseko. Mukafika apo diso lanu lidzagwera pa loko, ndimakudziwani. Tikatero tiyambirenso mawa."

Tsidya lija mphunzitsi anagogodanso. Poona kuti kuli zii, anagwira loko n'kumukoka kawiri.

"Mayo!" Mlamu anaphimba maso a telala ndi chikhatho chake chachikulu. "Akukuyeserani loko! Osaona! Kuonera pa dzanja la wina n'chimodzimodzi!"

"Chotsani dzanja, likununkha anyezi!"

"Asiya. Tsopano akusuzumira pawindo. Kalanga ine, banja limeneli lidzakhala lotani?"

Telala anakankha dzanjalo. Mphunzitsi anali atatembenuka, mutu uli pansi, akuyenda pang'onopang'ono kubwerera kumene anachokera. Lamba anali atamasuka, mlamu akulimbana ndi pepala lake limene mphepo inkafuna kulanda. Msewu unali wa mapazi khumi okha. Telala anauyang'ana, anayang'ana benchi, ndipo anadziwa kuti mlamu wake, ndi uchitsiru wake wonse, pa za loko sananame. Anakhalanso pansi.

"Aphunzitsi!" anakuwa, koma lole yonyamula mchenga inadutsa n'kumeza mawu ake. "Alamu, pepalalo likuletsa kuitana munthu?"

"Dikirani ndione." Mlamu anayamba kulondola ndi chala kuchokera pamwamba. "Simbi kuzimitsa kamodzi..."

"Akupita!"

"Musandisokoneze, ndiyambiranso. Simbi..."

Telala anagwira wezulo wa m'khosi mwa mlamu, anakoka mpaka mitu yawo inagundana, n'kuliza ndi mpweya wonse umene anali nawo. Msewu wonse unaima. Wanjinga anatsika, wosoka nsapato anadzibaya chala, galu anathawa.

"Wezulo wanga saliza munthu wopanda satifiketi!"

Koma mphunzitsi anali atacheuka. Anaona amuna awiri pa benchi atamangana ndi chingwe chimodzi m'khosi, anabisa kampata kaja ndi dzanja, n'kuyamba kuwoloka.

"Akubwera, alamu."

"Musandiyankhulitse. Mphindi yomaliza imafuna maso onse." Mlamu anaika wotchi pafupi ndi mphuno. "Makumi anayi. Makumi atatu ndi asanu ndi anayi..."

Mphunzitsi anafika, anakhala pa kamalo kotsala kumapeto kwa benchi. Kalata ija inali m'dzanja lake, itafewa ndi kupindidwapindidwa. Anawerama n'kunong'oneza telala m'khutu mawu ochepa chabe. Makutu a telala anatentha kuposa simbi iliyonse imene anagwirapo. Dzanja la mphunzitsi linalowa m'dzanja lake n'kukhala momwemo.

"Zitatu, ziwiri, imodzi. Yatha!" Mlamu anapinda pepala mwaulemu. "Mwapambana, alamu. Tsopano ndikhoza kubwereza. Anati abwera okha masana ano kudzakuyankhani."

Atatukula maso anaona manja awiriwo, n'kudumpha.

"Ha! Afika liti? Ayankha kale? Ati chiyani? Alamu, nenani msanga, achemwali anu andiuza kuti ndisalowe m'nyumba wopanda yankho!"

Telala anatsamira pa benchi n'kupinda mwendo pa unzake.

"Ayankha kamodzi, alamu, momveka bwino. Inu mumamvetsera wotchi."